Mphepo, mafunde ndi anamondwe a m'nyanja ya India: mmene zimayambira ndi mmene zimafikira kumtunda

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja ya mchere, ndipo anthu ake ambiri sanaionepo nyanjayo ndi maso. Komabe madzi omwe anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023 anali a m'nyanja ya India. Anakwera kumwamba ngati nthunzi, mphepo inawasenza, ndipo anadzatsika pa mapiri a m'chigawo chakum'mwera. Nyengo ya panyanja yotenthayi ndiyo imalamula zambiri zomwe mlimi wa ku Phalombe, msodzi wa ku Mangochi ndi wogwira ntchito padoko la Beira amakumana nazo.

Mphepo za masiku onse

Dzuwa limawotcha kwambiri dera lapakati pa dziko lapansi, pomwe padutsa mzere wa equator. Mpweya wa pamenepo ukatentha umakwera, ndipo wina wochokera kumpoto ndi kum'mwera umathamangira kukalowa m'malo mwake. Poti dziko limazungulira, mphepoyi siyenda molunjika: kum'mwera kwa equator imawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, pomwe kumpoto imachokera kumpoto chakum'mawa. Pamene mphepo ziwirizi zakumana pamakhala mitambo yabii, ziphaliwali ndi mvula. Dera la mkumanoli limatsatira dzuwa, ndipo likatsikira kum'mwera pakati pa Disembala ndi Malichi ndi pomwe mvula ya dzinja imakhazikika ku Malawi, Zambia ndi kumpoto kwa Mozambique.

Nyanja ya India ili ndi khalidwe lina lomwe nyanja zinzake zilibe pa mlingo wotere. Kumpoto kwake kuli mtunda waukulu wa Asia, womwe umatentha ndi kuzizira msanga kuposa madzi, choncho mphepo imatembenuka kawiri pachaka. Aswahili amatchula ya kumpoto chakum'mawa kuti kaskazi, ndipo ya kum'mwera amati kusi. Kwa zaka mazanamazana ngalawa zamatanga zochokera ku Arabia ndi India zinkabwera ku Zanzibar, Kilwa ndi Sofala ndi mphepo yoyambayo, n'kudikira yachiwiriyo kuti iwabweze kwawo.

Chomwe chimakuza funde

Kukula kwa funde kumadalira zinthu zitatu: liwiro la mphepo, nthawi yomwe yakhala ikuwomba, ndi kutalika kwa madzi omwe yadutsapo popanda chotchinga. Chachitatuchi ndicho anthu amachiiwala. Mphepo yamphamvu pa dziwe imangochita timakwinya, koma mphepo yapakatikati ikawomba masiku awiri pa madzi a makilomita mazana ambiri imautsa mafunde otha kugubuduza boti.

Asodzi a pa nyanja ya Malawi amazidziwa izi popanda buku. Mwera, womwe umavuta kwambiri pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndi mphepo yomwe ija ya kum'mwera chakum'mawa yochokera ku nyanja ya India. Ikalowa m'chigwa cha nyanjayi, yomwe ndi yaitali makilomita oposa 500, imayenda motsata utali wake wonse, ndipo ikamafika kumpoto mafunde amakhala atakhwima. Kumpoto komweko ndi kumene sitima ya Viphya inamira mu Julaye 1946, anthu 145 n'kutaya miyoyo.

Akatswiri a zanyengo akalengeza kuti mafunde afika mamita atatu, satanthauza funde lalitali kwambiri. Amasankha gawo limodzi mwa magawo atatu a mafunde onse, lomwe muli akuluakulu okhaokha, n'kupeza mlingo wapakati wa amenewo. Tsono pa maola angapo woyendetsa boti akhoza kukumana ndi funde limodzi lotalika pafupifupi kawiri kuposa chiwerengero cholengezedwacho. Komanso mphamvu ya funde sikula mofanana ndi msinkhu wake: funde la mamita anayi lili ndi mphamvu kanayi kuposa la mamita awiri. Liwiro la mphepo panyanja amaliyeza m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Ambiri amagwiritsabe ntchito mlingo womwe Francis Beaufort, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, anakonza mu 1805, woyambira pa 0, pamene nyanja ili bata, kulekeza pa 12, pamene mphepo yafika ma knot 64.

Pali mafunde ena omwe amafika pagombe kunja kuli zii, kopanda ngakhale kamphepo. Amenewa amakhala atabadwira kutali, mwina mkuntho wa kufupi ndi Antarctica, ndipo amayenda masiku angapo osataya mphamvu yambiri. Ku gombe la kum'mawa kwa South Africa amakumana ndi mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas, womwe umathamanga kulowera kum'mwera chakumadzulo. Funde likalimbana ndi madzi oyenda motsutsana nalo limafupika n'kuimirira ngati khoma. M'madzi amenewa ndimo munasowa sitima ya Waratah mu Julaye 1909, pa ulendo wochokera ku Durban kupita ku Cape Town, itanyamula anthu 211, ndipo mpaka lero sinapezeke.

Kubadwa kwa namondwe

Namondwe amafuna madzi otentha madigiri 26.5 kapena kuposa, osati pamwamba pokha koma kutsika pansi mamita pafupifupi 50. Amafunanso mpweya wachinyezi, ndi mphepo ya m'mwamba yosasemphana kwambiri ndi ya pansi, kuopa kuti ingamwaze mitambo isanaunjikane. Nthunzi ikakwera n'kusanduka madontho imatulutsa kutentha, kutenthako kumakweza mpweya wina, ndipo pansi pamatsala malo okoka mphepo kuchokera mbali zonse. Pa equator penipeni namondwe sabadwa, chifukwa mphamvu yopotoza mphepo ija imakhala yochepa. Kum'mwera kwa equator amazungulira motsata mivi ya wotchi. Pakati pake pamakhala diso, malo abata omwe anyenga anthu ambiri kuti atuluke panja, mphepo n'kuwabwerera kuchokera mbali ina.

Nyengo ya anamondwe m'dera lino imawerengedwa kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 30 Epulo. Udindo wowalondola uli m'manja mwa nthambi ya Météo-France ya pa chilumba cha La Réunion, ndipo mayina amachokera pa mndandanda womwe maiko a m'derali, kuphatikizapo Malawi, amakonzeratu limodzi. Mkuntho umapatsidwa dzina mphepo yake ikafika makilomita 63 pa ola, ndipo umayesedwa namondwe wokhwima ukafika 118. Woposa makilomita 212 pa ola ali pa mlingo wapamwamba kwambiri. Omvera nkhani za kunja asadabwe akamva ziwerengero ziwiri za namondwe mmodzi: a ku La Réunion amayeza mphepo pa mphindi khumi, pomwe a Joint Typhoon Warning Center ku Hawaii amayeza pa mphindi imodzi, ndipo chiwerengero chawo chimakhala chokwererapo.

Mphepo imatchuka, madzi ndiwo amapha

Vuto la milingo yonseyi ndi lakuti imanena za mphepo yokha. Pagombe, choopsa chachikulu ndi nyanja yomwe imakwera n'kulowa kumtunda. Mphepo imakankhira madzi ku gombe, ndipo pomwe nyanja ili yosaya madziwo amasowa kothawira. Gombe la Sofala lili chomwecho, kuwonjezera apo ku Beira nyanja imadzaza ndi kuphwa yokha ndi mamita oposa sikisi mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Namondwe wa Idai anatera chakumpoto pang'ono kwa mzindawu usiku wa pa 14 Malichi 2019, zomwe zinaika Beira ku mbali yomwe mphepo imachokera kunyanja. Mwayi unalipo ndi wakuti mwezi unali theka, nthawi yomwe nyanja sidzaza kwambiri. Ngakhale zinali choncho, anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi, ambiri chifukwa cha mitsinje ya Buzi ndi Pungwe yomwe inasefukira komanso zigumukire za ku Chimanimani.

Kumtunda nkhani ndi mvula. Namondwe akachoka panyanja mphepo yake imafooka m'maola ochepa, koma chinyezi chomwe wasenza chimakhalapobe, ndipo chikagunda mapiri monga Mulanje ndi Zomba chimakhuthuka. Mkuntho wa Ana wa mu Januwale 2022 sunafike n'komwe pa mlingo wa namondwe wokhwima. Komabe madzi ake anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mawu akuti namondwe "wafooka", omwe amamveka kawirikawiri pa wailesi, ndi oona kwa woyendetsa sitima, koma ndi onyenga kwa munthu wokhala m'tsinde mwa phiri.

Chigawo cha nyanja cha pakati pa Mozambique ndi Madagascar chimawonjezera chiopsezo. N'chopapatiza, makilomita pafupifupi 420 pomwe chachepetsetsa, koma madzi ake amatentha kwambiri m'dzinja. Mkuntho womwe wathyoledwa ndi mapiri a Madagascar umatha kudzukanso ukangolowa m'madziwa, ndipo poti mphepo zouwongolera zimakhala zofooka, umatha kuima, kubwerera kapena kuzungulirazungulira. Idai asanakhwime anayamba wadutsa kumtunda ngati mkuntho wamba, kusefukiza madzi m'chigwa cha Shire, kenako anabwerera kunyanja kukatenga mphamvu.

Freddy anaonetsa khalidweli mopitirira. Anabadwira kumpoto chakumadzulo kwa Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'chifukwa chake dzina lake linaperekedwa ndi a zanyengo a dzikolo. Anaoloka nyanja yonse ya India, anatera pafupi ndi Mananjary ku Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa mu Mozambique cha ku Vilankulo pa 24. Anthu ataganiza kuti watha, anabwerera kunyanja, anakhwimanso, ndipo pa 11 Malichi anatera kufupi ndi Quelimane. Kwa masiku otsatira anangoti tsonga pafupi ndi malire a Malawi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi, yomwe madera ambiri a dzikoli amalandira pa chaka chathunthu. Anthu oposa 1,200 anafa kapena kusowa m'Malawi mokha.

Mu Julaye 2024 bungwe la World Meteorological Organization linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense m'kaundula wake, ndipo anayenda makilomita 12,785. Asayansi a bungwe la IPCC, mu lipoti lawo la 2021, sakunena kuti anamondwe adzachuluka. Akuti mwa omwe adzabadwe, okhwima kwambiri adzakhala ochulukirapo, ndipo adzabweretsa mvula yambiri. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi chowonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100 aliwonse.