Nsomba yofiira ndi akalipentala a mbiri yake awiri

Sabata ino tichokeko kunyanja yathu ya Malawi, tipite kumadzi amchere.

Mukafika komwe mitsinje imathirira m'nyanja ya Indian Ocean, monga kugombe la Mozambique, mukamva asodzi akudandaula za nsomba ina yodula chingwe. Ku Australia amaitcha mangrove jack. Kuizindikira sikovuta: thupi lofiirira ngati mkuwa, mano akutsogolo ngati agalu. Ikakhala yaing'ono imakhala ndi mizere yoyera m'mbali ndi kamzere kabuluu patsaya, ndipo imabisala m'mizu ya mitengo ya mangrove. Ikakula imasamukira kumiyala yam'nyanja.

Nanga adailemba koyamba m'buku la sayansi ndani? Peter Forsskål, wobadwira ku Helsinki mu 1732, wophunzira wa Carl Linnaeus. Inu alembi mumudziwe ameneyu: mu 1759 adasindikiza kabuku kofuna ufulu wolemba ndi wolankhula, boma la Sweden n'kukaletsa. Mu 1761 adanyamuka ku Copenhagen pagulu la anthu 6 otumidwa ndi mfumu ya Denmark kukafufuza za Arabia. Pa Nyanja Yofiira ankalemba nsomba iliyonse yomwe waona, pamodzi ndi dzina lomwe eni dera ankaitchula. Koma malungo sadamuchitire chisoni. Adafera ku Yarim, m'dziko la Yemen, mu 1763, ali ndi zaka 31.

Pa anthu 6 aja adabwerera wamoyo ndi mmodzi yekha, Carsten Niebuhr. Taganizani, akadangotaya mapepala a mnzakeyo, bwenzi zonse zitathera pomwepo. Iye adawasunga, nawasindikiza mu 1775. Lero nsombayi imatchedwa Lutjanus argentimaculatus, ndipo pambali pa dzinali amalembapo Forsskål.

Wachiwiri ndi Lauri Rapala, msodzi wosauka wa ku Finland komweko. Pa nyanja ya Päijänne adaona kuti nsomba zolusa zimasankha kansomba kovulala, koyenda mopepeluka. Mu 1936 adasema kansomba kabodza, nakakuta ndi pepala lonyezimira, kuti kazigwedezeka ngati kovulala. Nyambo zamtunduwu zidafala dziko lonse, mpaka kufikira nsomba yathu yofiira ija.

Ndiye mukafuna kuiwedza, ponyani nyamboyo pafupi penipeni ndi mizu kapena chipika chomira. Imatuluka mwaliwiro, n'kukhwatula ikubwerera kale kuphanga kwake. Mukachedwa pang'ono chabe, chingwe chakhuzika pamizu, chaduka, nyambo yapita. N'chifukwa chake asodzi amamanga chingwe chokhuthala kumapeto, ndipo amakoka mwamphamvu nthawi yomweyo, osaipatsa mpata.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mitengo ya mangrove ikudulidwa, ena akuotcha makala, ndipo ana a nsombayi akusowa pokulira.

Funso langa kwa inu nali: zolemba zanu zomwe zili m'kope pansi pa matilesi, mutachoka lero, Niebuhr wanu ndani? Tikumane m'makomenti.