Mwana akasiya kulira m'wodi: ntchito ya James Robertson ndi anzake

Aliyense amene analowapo m'wodi ya ana pachipatala cha boma kuno kwathu amadziwa kuti pabedi lililonse pamakhala gadiyani: mayi, agogo kapena azakhali, atayala chitenje pansi. Kwa ife zimenezi n'zachizolowezi. Koma ku Britain panafunika mikangano ya madokotala, filimu ndi lipoti la boma kuti mayi aloledwe kukhala pambali pa mwana wake wodwala. Amene anatsogolera nkhondo imeneyi sanali dokotala ayi.

M'chaka cha 1949, zipatala za mu London zinali ndi malamulo okhwima. Pachipatala cha Guy's makolo ankaona ana awo Lamulungu lokha, kwa maola awiri. Pa St Thomas's mwezi woyamba sankaloledwa kucheza ndi mwana, kupatula kumusuzumira madzulo atagona. Zifukwa zinalipo ziwiri. Choyamba chinali kuopa kuti alendo angabweretse matenda, ndipo m'nthawi imene mankhwala opha tizilombo anali asanafale, mantha amenewa sanali achabe. Chachiwiri chinali chimene anamwino ankaona ndi maso awo: mayi akabwera n'kupita, mwana ankalira koopsa, koma mayi akapanda kubwera kwa masiku angapo, mwana ankakhala chete. Chete ameneyo ankamutcha kuzolowera.

James Robertson anabadwa mu 1911 kufupi ndi mzinda wa Glasgow, m'banja la anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kukayamba ntchito kufakitale ya zitsulo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka anakana kulowa usilikali chifukwa cha chikhulupiriro chake. Mu 1941 iye ndi mkazi wake Joyce anayamba ntchito kumalo osungirako ana amene Anna Freud ndi Dorothy Burlingham anatsegula ku Hampstead, osamalira ana amene mabomba anawasiya opanda pokhala. Joyce ankalera makanda. James ankasonkhezera ng'anjo yotenthetsera nyumba ndi kulondera moto usiku. Koma Anna Freud anali ndi lamulo lakuti aliyense wogwira ntchito pamalopo azilemba pa timakadi zimene waona ana akuchita, ndipo zolembazo ankazikambirana pamodzi. Sukulu yeniyeni ya Robertson inali imeneyo. Nkhondo itatha anakaphunzira ntchito yosamalira anthu ovutika maganizo, ndipo mu 1948 analembedwa ntchito ndi John Bowlby pa Tavistock Clinic.

Bowlby anali munthu wa mtundu wina: mwana wa dokotala wotchuka wa maopaleshoni, wophunzira ku Cambridge, dokotala wa matenda a maganizo a ana. Mu 1944 anali atasindikiza kafukufuku wa ana 44 amene ankaba. Mwa iwo, 14 anawaona kuti alibe chikondi pa munthu aliyense, ndipo 12 mwa 14 amenewo anali atalekanitsidwa ndi amayi awo kwa nthawi yaitali ali aang'ono. Wophunzira wa masiku ano angaone msanga zofooka zake: ana anali ochepa, mbiri yawo inachokera m'zokumbukira za makolo, ndipo wofufuzayo ndi yemwe ankayeza anawo akudziwa kale gulu lawo. Bowlby ankafunika umboni woona pamene zinthu zikuchitika. N'chifukwa chake anatuma Robertson kuti azikakhala m'mawodi n'kumalemba.

Zimene Robertson anaona zinatsutsa mawu oti kuzolowera. Mwana wosakwana zaka zinayi akasiyidwa yekha, poyamba ankalira, kugwedeza bedi ndi kuyang'ana kukhomo. Kenako kulira kunkachepa, mwana n'kungogona, osafuna chakudya kapena zidole. Ukapitirira nthawi, mwana ankayamba kumwetulira aliyense wodutsa, koma mayi wake akabwera ankayang'ana kumbali, chidwi chili pa maswiti amene wabweretsa. Magawo atatuwa anawatcha kukana, kutaya mtima ndi kudzipatula. Mwana wachete uja, amene anamwino ankamuyamikira, anali wotaya mtima.

Atafotokoza zimenezi kwa madokotala a ana, anamuuza kuti akukokomeza. Ndipo apa m'pamene munthu amene anali asanagwirepo kamera anaganiza zojambula filimu. Bowlby anaumirira kuti ijambulidwe mwa dongosolo la kafukufuku, kuti pasakhale wonena kuti anasankha nthawi zomvetsa chisoni zokhazokha: mwana asasankhidwe ndi Robertson, azijambulidwa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo wotchi izioneka pachithunzi. Mwanayo, amene mufilimuyo akutchedwa Laura, anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu, ndipo anagonekedwa masiku asanu ndi atatu chifukwa cha opaleshoni yaing'ono ya pamchombo. Anali mwana wodziletsa, wosalira kawirikawiri, moti Robertson anayamba wadandaula kuti filimuyo sidzaonetsa kanthu. Koma kudziletsa komweko n'kumene kunaonetsa mfundo yake. Munthu ukamayang'ana nkhope ya mwanayo tsiku ndi tsiku, umaona chimene wodutsa mothamanga ndi thireyi ya mankhwala sangaone.

Filimuyo, A Two-Year-Old Goes to Hospital, inaonetsedwa ku Royal Society of Medicine kumapeto kwa 1952, ndipo ambiri mwa madokotala ndi anamwino amene analipo anakwiya, akumati Robertson wanyoza ntchito yawo. Sindikuganiza kuti anali anthu ankhanza. Kuvomereza filimuyo kunali kuvomereza kuti kwa zaka zambiri akhala akuyang'ana ana ovutika n'kumalemba kuti ali bwino. Mmodzi mwa okwiyawo, Dermod MacCarthy, atabwerera kuwodi yake ku Amersham anayamba kuona ana ake ndi maso ena, natsegula zitseko kuti amayi azigona komweko. Robertson anajambulanso filimu yachiwiri m'wodi imeneyo mu 1958. Mu 1959 komiti ya boma yotsogozedwa ndi Harry Platt inalimbikitsa kuti makolo aziona ana awo nthawi iliyonse ndiponso kuti amayi a ana aang'ono azigonekedwa nawo. Zipatala zambiri zinazengereza, mpaka amayi eni ake anayambitsa bungwe mu 1961 loti lizikakamiza kusinthaku.

Mbali ya mbiriyi imene imatikhudza kwambiri ndi mkangano wa pakati pa akatswiriwa. Lipoti limene Bowlby analembera bungwe la WHO mu 1951 linamveka kwa anthu ambiri ngati likunena kuti mayi yekha ndiye angalere mwana, ndipo kulekana naye kulikonse n'koononga. Mary Ainsworth, amene anagwira ntchito m'gulu la Bowlby ku London, anasamukira ku Kampala ndipo mu 1954 ndi 1955 ankayendera mabanja 26 a Aganda m'makomo mwawo. Anapita akuyembekezera kufufuza mwambo wotumiza mwana kwa agogo akasiya kuyamwa, koma anapeza kuti mabanja ambiri anali atausiya. M'malo mwake anangokhala pansi n'kumaona. Anaona makanda oleredwa ndi anthu angapo pakhomo, koma odziwa bwino lomwe munthu wothawirako akachita mantha, ndipo kuchokera pa munthu ameneyo ankakwawa kukaona zinthu n'kubwereranso. Buku lake la Infancy in Uganda linatuluka mu 1967. Tisaiwale kuti ena mwa maziko a chiphunzitso chimene timawerenga m'mabuku ochokera kunja anaikidwa m'midzi ya ku Uganda.

A Robertson nawonso anatsutsana ndi Bowlby, ndipo anachita zimenezi m'nyumba mwawo momwe. M'zaka za m'ma 1960 anatenga ana anayi, mmodzimmodzi, amene amayi awo anapita kukachira kuchipatala, Joyce n'kumawalera usana ndi usiku, akutsata zimene mwana anazolowera kwawo. Anawo ankasowa amayi awo, koma sanafike potaya mtima. Anajambulanso mnyamata wa miyezi 17, wotchedwa John mufilimu, amene anakhala masiku asanu ndi anayi kumalo osungirako ana kumene olera ankasinthanasinthana. Olerawo anali okoma mtima, chakudya chinalipo, koma pofika tsiku lomaliza mwanayo anali atasweka mtima ndipo anakana mayi wake. Michael Rutter, mu 1972, anaunikanso umboni wonse n'kufika pa mfundo yofanana: chimene chimavulaza mwana si kuchoka kwa mayi pakokha, koma kusowa munthu wokhazikika womudalira, ndiponso mavuto amene anachititsa kulekanako.

Kunena zoona, gadiyani wa m'mawodi athu sanabwere chifukwa cha kafukufuku ameneyu. Alipo chifukwa mwambo sulola kusiya wodwala yekha, komanso chifukwa anamwino ndi ochepa ndipo pamafunika womwetsa phala ndi kuchapa. Tili ndi chinthu chimene ena anachimenyera nkhondo, koma sitichiwerengera ngati mbali ya chithandizo, ndiye chimatha kuchotsedwa mosavuta pakabuka mliri, mwana akalowa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, kapena mayi akadwala naye. Pamene ndinkatolera ziwerengero m'wodi ina ya ana, mafayilo ankandiuza kutentha kwa thupi, kulemera ndi mankhwala. Panalibe polemba amene akugona ndi mwanayo, kapena kuti wasintha kangati.

Za Laura, Robertson anasimba kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi anapita kukaonetsa makolo ake filimu ija kunyumba kwawo. Mwanayo, amene onse ankati anaiwala kalekale, anadzuka n'kulowa m'chipindamo filimu ili kumapeto. Magetsi atayatsidwa anatembenukira mayi wake mokwiya n'kumufunsa kumene anali masiku onse aja, kenako analira n'kupita kwa bambo wake.