Mbiri ya PDA, kompyuta ya m'thumba imene inatsogolera foni zathu

Pali mawu amene afala masiku ano, makamaka pakati pa achinyamata a m'matauni, akuti kompyuta yoyenda nayo m'thumba inabadwa m'chaka cha 2007 pamene kampani ya Apple inatulutsa iPhone. Ndipo mawuwa anenedwa kawirikawiri kotero kuti ambiri awalandira monga choonadi chosafuna mboni. Koma amene anagwirapo ntchito m'chipatala chachikulu, m'nyumba yosungira katundu kapena m'gulu la ochita kafukufuku kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 angathe kuikira umboni kuti, foni zisanaphunzire nzeru zimene zili nazo lero, kunali kale kachipangizo kokwana m'dzanja, kotchedwa PDA, kamene kankasunga mokhulupirika mayina, masiku a misonkhano, ngongole ndi zokumbutsa za mwini wake. Amati tsobola wakale sawawa, komabe mbiri ya kachipangizoka iyenera kusimbidwa, pakuti imaonetsa chimene chimapatsa chida phindu, ndi chimene chimachitika anthu akachisenzetsa katundu woposa msinkhu wake.

Khumbo lonyamula chikumbutso m'thumba n'lakale. Aroma ankalemba pa timatabwa topaka phula, amalonda a ku Ulaya ankayenda ndi timabuku ta masiku, ndipo mu 1921 ku London kunayamba kugulitsidwa Filofax, buku la mapepala ochotseka. Zamagetsi zinadza pambuyo pake. Mu 1984 kampani ya Psion ya ku London komweko, imene anaiyambitsa David Potter, munthu wobadwira ku South Africa ndi kukulira m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, inatulutsa Organiser, yokhala ndi wotchi, chowerengetsera ndi mzere umodzi wokha wowerengapo mawu. Ndipo mtundu wake wachiwiri, wa 1986, ndiwo unalowa m'masitolo akuluakulu, mmene antchito ankaonera nawo mitengo ndi kuwerengera katundu.

Dzina lakuti PDA linatchuka kuyambira mu Januwale 1992, pamene John Sculley, mkulu wa Apple panthawiyo, analitchula pa chionetsero cha zamagetsi ku Las Vegas. Chaka chotsatira kunatuluka Newton, pa mtengo wa madola 699, yolonjeza kuwerenga chilichonse chimene munthu walemba ndi dzanja pa galasi lake. Koma luso lowerenga zolemba pamanja linali lisanakhwime kulikonse m'masiku amenewo, chipangizocho chinali chachikulu kosakwana m'thumba la malaya, ndipo chinaleka kupangidwa mu 1998.

Amene anapeza njira anali Jeff Hawkins wa ku California, ndipo anaipeza mwa kudzichepetsa. Asanapange kalikonse, anadula kathabwa kolingana ndi thumba la malaya ake, nayenda nako kuntchito ndi kunyumba. Wina akamuitanira ku msonkhano, iye ankatulutsa kathabwako n'kumachita ngati akuona tsiku, kuti adziwe ntchito zimene munthu angazifune zenizeni pa tsiku lake ndi zimene zili zongokometsera. Zotsatira zake zinali Pilot ya kampani ya Palm, imene inafika m'masitolo mu 1996 pa mtengo wa madola 299, yokhala ndi mabatani anayi a ntchito zinayi: masiku, mayina ndi manambala, ntchito zoyenera kuchitidwa, ndi zolemba zazifupi. M'malo mokakamiza makina kuzindikira kalembedwe ka munthu aliyense, anapempha munthu kuti aphunzire zilembo zosavuta zotchedwa Graffiti, zolembedwa ndi kamtengo kopanda inki, pafupifupi chilembo chilichonse popanda kudzutsa dzanja. Mabatire awiri aang'ono ankatha milungu ingapo. Ndipo madzulo mwini wake ankaika kachipangizoko pa kachikhazikitso kolumikizidwa ku kompyuta, n'kudina batani limodzi, zonse za tsikulo n'kukopedwa, kotero kuti ngakhale katatayika, zolembedwa zinkatsala. M'miyezi 18 yoyamba anagulitsa oposa miliyoni imodzi.

Phindu lake linaoneka pa zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku, zimene zikaiwalika zimadanitsa anthu. Wamalonda ankadziwa amene anatenga katundu pa ngongole ndi tsiku lobweza. Mbusa ankanyamula Baibulo lonse pamodzi ndi mayina a odwala oyenera kuchezeredwa. Ndipo madokotala, amene anali pakati pa oyamba kukakonda, ankafufuza pomwepo pambali pa bedi muyezo wa mankhwala ndi mankhwala osayenera kumwedwa pamodzi, kudzera m'mapulogalamu monga Epocrates, m'malo mobwerera ku ofesi kukatsegula mabuku olemera.

Kuno kwathu ndi owerengeka amene anagula PDA ndi ndalama za m'thumba mwawo, pakuti mtengo wake unali woposa malipiro a ambiri. Anthu a m'midzi ya kuno ku Africa anaiona koyamba m'manja mwa ochita kafukufuku wa zaumoyo. Mu 2004, kummwera kwa Tanzania, ofunsa mafunso anayendera mabanja oposa 21,000 m'milungu isanu ndi iwiri, akulemba mayankho onse pa tizipangizo ta Palm totchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Ndipo mu 2006 kafukufuku wa malungo wa dziko lonse la Zambia anachitika ndi ma PDA okhala ndi GPS yolembera pamene nyumba iliyonse ili. Amene anaonapo mitolo ya mafomu ikunyowa ndi mvula pa galimoto, kenako n'kukhala miyezi m'makatoni kudikira alembi oti aikopere m'kompyuta, adzamvetsa kukula kwa kusinthaku. Kachipangizoko kankakana yankho losatheka, monga zaka 200 za kubadwa, pamene woyankhayo adakali pakhonde pomwepo kuti afunsidwenso. Kankalumpha kokha mafunso a uchembere pofunsa mwamuna. Ndipo zopezedwa zinkafika kwa akuluakulu a zaumoyo matenda amene akufufuzidwawo asanasinthe nyengo.

Tsono pali chochitika china chimene chinalembedwa mwatsatanetsatane m'malipoti a boma, ndipo ndicho chimaonetsa bwino lomwe pamene zinthu zinakhotera. Dziko lina lolemera la kutsidya kwa nyanja, pokonzekera kalembera wa anthu wa 2010, linaganiza zoleka mapepala ndi kupatsa owerenga anthu tizipangizo ta m'manja toposa 500,000, ndipo mu 2006 linasainira pangano la madola pafupifupi 600 miliyoni. Cholinga chinali chabwino ndithu: mabanja amene sanabweze fomu ya papositi akayenderedwe khomo ndi khomo, mayankho awo n'kutumizidwa ku likulu tsiku lomwelo. Koma pamene tizipangizoto tinayesedwa m'chaka cha 2007, antchito anadandaula kuti tinkachedwa, tinkaima pakati pa ntchito, ndiponso tinkalephera kutumiza zolembedwa m'madera a nyumba zambiri; ndipo m'malo mwakuti ntchito ichepetsedwe kufikira itayenda, mu Januwale 2008 opangawo analandira mndandanda wa zofunika zatsopano kapena zokonzedwanso zoposa 400, nthawi itatha kale. Mu Epulo chaka chomwecho kunalengezedwa kuti kuyendera mabanja kudzachitika ndi pepala ndi pensulo monga kale, ndi kuti kubwerera m'mbuyoku, pamodzi ndi zina zokonzanso, kukhoza kuwonjezera madola ofika 3 biliyoni pa mtengo wa kalemberayo. Tizipangizoto tinagwira ntchito imodzi yokha mu 2009, yotsimikizira maadiresi a nyumba, ndipo ntchito imeneyo inatha bwino.

Ndithudi chimene chinalephera pamenepo si kachipangizo ka m'manja, pakuti tina totsika mtengo kwambiri tinali titagwira kale ntchito yofanana nayo m'midzi yopanda magetsi zaka zinayi m'mbuyomo. Chinalakwika n'chakuti ofuna chida sanakhale pansi poyamba kulemba momveka chimene akuchifunira, kuyesa kunachedwa, ndipo dzanja lililonse limene ntchitoyo inadutsamo linawonjezerapo chofuna chake. Ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada. Nzeru ya kathabwa ka Hawkins, yoyamba yafunsa chimene munthu wonyamula chidacho adzachite nacho dzuwa likuswa mtengo pakhomo la eni ake, inali itaiwalika pakati pa ndalama zambiri.

M'zaka zomwezo PDA yeniyeniyo inali ikumezedwa ndi foni. Nokia inali itaphatikiza kale ziwirizi mu 1996 ndi Communicator yake, BlackBerry inabweretsa makalata a pa intaneti m'thumba kuyambira 1999, Treo inadza mu 2002, ndipo anthu sanaonenso chifukwa chonyamulira zinthu ziwiri. Psion inaleka kupanga tizipangizo ta anthu wamba mu 2001, ngakhale kuti pulogalamu yake inapitirira ndi dzina lakuti Symbian m'mafoni ambiri a Nokia amene owerenga ena anawagwirapo osadziwa kumene anachokera. Palm inagulidwa ndi HP mu 2010 pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni, ndipo chaka chotsatira zipangizo zake zinaleka kupangidwa.

Sindikana kuti foni ya lero imachita zambiri zimene PDA sikanazilota, kutumiza ndalama kumudzi kukhala chimodzi mwa izo. Koma tinatayapo kanthu pa kusinthanaku, ndipo n'koyenera kukatchula: batire lotha milungu linasanduka batire losafika madzulo, chinthu chowawa kwa munthu wokhala kumene magetsi kulibe kapena amazimazima, ndipo chida chimene chinkakhala chete kufikira mwini wake atachifuna chinalowedwa m'malo ndi chida choitana mwini wake usana ndi usiku, chodzala ndi otsatsa malonda ndi nkhani zosatha, mwakuti kalendala ndi kabuku ka zolemba, zimene zilimo ndithu m'foni iliyonse yamakono, ambiri sanazitsegulepo chigulire.

Ntchito yolemba mayankho pakhomo pomwepo inafika kwathu mokwanira mu Seputembala 2018, pamene kalembera wa anthu ndi nyumba m'Malawi anachitika ndi matabuleti kwa nthawi yoyamba, napeza anthu oposa 17.5 miliyoni, zotsatira zoyambirira n'kulengezedwa mu Januwale 2019. Zida zotere zikuchulukirachulukira m'manja mwa alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi aphunzitsi, ndipo pempho langa kwa onse amene ali ndi udindo wozigula n'lakuti, asanasaine pangano lililonse, ayambe ayenda tsiku lathunthu ndi mlangizi amene adzachinyamule, alembe ntchito zochepa zimene iye sangachitire mwina popanda chidacho, ndipo afunse kumene adzachitchajire.