Dengu ndi Mwana, Msana Umodzi

Kale kwathu kuno, m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mwana akayamba kutupa miyendo tsitsi n'kufiira, akuluakulu ankati watsemphedwa, ndipo woyamba kuitanidwa kuseri kwa nyumba anali bambo wake. Ankamupanikiza kuti anene kumene anayenda mkazi wake ali m'chikuta, mwana asanatengedwere kumphasa. Mayi naye ankafunsidwa za mchere wa m'ndiwo ndi mwambo wa m'nyumba, koma mlandu sunali wake yekha. Lero tikudziwa kuti kutupa kuja ndi matenda a kuperewera kwa zakudya m'thupi, amene dokotala Cicely Williams anawafotokoza mu 1933 ali ku Gold Coast, kumene tsopano timati Ghana. Pa gwero la matendawo makolo athu sanalondole. Chimene ndimasirira mwa iwo n'choti ankaitana anthu awiri.

Zinkatero chifukwa cha chikamwini. Mwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe a kuno, mwamuna ndiye amatsatira mkazi, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mkazi wobereka ankakhala pakati pa amayi ake, achemwali ake ndi agogo, moti mwana akaoneka wauve manyazi anali a pabwalo ponse. Sindikuti unali mtendere wokhawokha. Anankungwi anali ndi pakamwa, mkazi wosabereka ankadya nsima ndi misozi, ndipo mayi amene mwana wamuvuta kutuluka ankauzidwa kuti atchule amuna onse amene anayenda nawo, iye ali pakati pa moyo ndi imfa. Nkhanza imeneyi inali yathu, sitinachite kuibwereka kwa azungu.

Alendo atafika, maso awo anayambira pa thupi la mkazi. David Livingstone, atayenda m'mapiri a Shire mu 1859, analemba za pelele wa pamlomo wa akazi a Chimang'anja ngati chinthu choipitsa nkhope, pamene eni ake ankati ndiye kukongolako. Mphini ndi nyanda nazo posakhalitsa zinasanduka chizindikiro cha munthu wamumdima. Koma chimene chinasinthiratu moyo wa mayi wa ku Mulanje ndi tiyi. Henry Brown anadzala tiyi ku Thornwood mu 1891, chaka chomwe dziko lino linagwa m'manja mwa Britain. Kenaka kunabwera msonkho wa nyumba, kunabweranso thangata, loti wokhala pa malo a mzungu azilipira malowo ndi thukuta lake. Mwamuna akathawa msonkho, amesenjala ankagwira mkazi wake n'kumusunga mpaka ndalama ipezeke, nthawi zina ali ndi khanda kumbuyo.

Ndi m'zaka zimenezo pamene Alhomwe ambiri anawoloka Ruo ndi Muloza pothawa nkhanza za Apwitikizi. Makolo a agogo anga aakazi anali m'gulu limenelo. Anafika opanda munda, ndiye anakhala pa esiteti, ndipo amene anawapeza m'dziko muno ankawatcha Anguru, dzina lachipongwe limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo atayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943. Agogo ankatiuza kuti mkazi wa Chilhomwe ankanyozeka ndi mphika wake womwe. Akaphikira ana kalongonda kapena makaka, anzake pachitsime ankati akudyetsa ana zakutchire. Akamukalipira mwana m'chiyankhulo chake pamsika, anthu ankamuyeseza n'kumaseka. Agogowo anangosiya kuyankhula Chilhomwe kwa ana awo. Masiku ano, tikasonkhana kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako, ndimamva ena akudzudzula amayi akale kuti ndiwo anataya chiyankhulo. Mtima umandiwawa, chifukwa amayiwo ankateteza ana awo ku chitonzo, ndipo pano akunyozedwanso chifukwa cha chitetezo chomwecho.

Mishoni inabweretsa muyeso wina. Mayi wabwino anali wovala chilundu chochapa bwino ndi duku, wodziwa kusoka, wokhala ndi sopo ndi thandala la mbale. Sukulu ya Jeanes ku Domasi, imene inatsegulidwa mu 1929, inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, kuti mkazi wa aphunzitsi akakhale chitsanzo cha ukhondo ndi kaleredwe ka ana kumudzi. Zambiri mwa zimenezo zinali zabwino, ndipo zinapulumutsa ana. Amayi a Mvano a mpingo wathu, ndi yunifolomu yawo yoyera ndi yakuda, asamala odwala ndi kutonthoza anamalira kuposa mabungwe ambiri otchuka. Vuto linali loti chitsanzocho anachitengera pa mkazi amene mwamuna wake amalandira malipiro pamwezi, n'kumayesera nacho mkazi wa m'komboni, amene sopo ankamuona tsiku lamalipiro lokha.

Amayi anga anathyola tiyi zaka zambiri, ndipo moyo wawo ndi umene unandiphunzitsa nkhaniyi. Wothyola tiyi amabereka dengu kumsana, pamalo penipeni pamene pamayenera kukhala mwana. Masamba amachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwenso nkhokwe zatha, munda ukufuna kupalira, malungo ndi kutsegula m'mimba zili pakhomo lililonse. Ankanyamuka kukadali mdima, kubwerako atanyowa ndi mame ndi mvula, zala zitang'ambika. Akakhala kunyumba kuti ayamwitse, tsikulo silinkalembedwa, ndipo sabata imeneyo tinkagona ndi njala. Akapita, khanda linkatsala ndi ine, mwana wa sitandade 3, ndi phala la mgaiwa m'kapu. Aphunzitsi ankati amayi anga sakonda sukulu chifukwa ndinkajomba. Anthu a kutchalitchi ankati amakonda ndalama kuposa mwana. Palibe mwa onsewa amene anafunsapo kuti dengu la masamba linkalipidwa zingati.

Tsiku la sikelo ndiye linali loopsa. Mwana ankamupachika pa mbedza pansi pa mtengo, amayi onse ali pamzere akuyang'ana singano, kenaka mlangizi n'kulemba kadontho pa khadi. Kadontho kakatsika, mawu ankatuluka mokweza kuti aliyense amve: mayi, mwanayu mukumudyetsa chiyani, simukumva zakasinthasintha? Nthawi imeneyo ankaphunzitsa magulu atatu a zakudya, pano ndi asanu ndi limodzi, koma mtengo wa dzira ndi usipa sunatsikepo chifukwa cha phunzirolo. Ndinaona amayi anga akubwereka chitenje kwa mnansi kuti apite nacho kusikelo, chifukwa ankadziwa kuti wovala bwino amayankhulidwa mofatsa, wansanza amakalipiridwa asanatsegule pakamwa. Ndinaonanso amayi ena akusiyiratu kupita mwana akaonda, kuopa manyazi, moti mwana amene ankafunika thandizo kwambiri ndiye ankabisidwa m'nyumba. Sindikunyoza sikelo. Katemera, likuni phala ndipo pambuyo pake chiponde zapulumutsa ana osawerengeka m'boma lino, ndipo alangizi ambiri ndi anthu achifundo oyenda mitunda italiitali pa njinga. Koma pamzere paja panalibe bambo ngakhale mmodzi, panalibenso malume, ndipo mlandu umene kale unkagawidwa unatsalira munthu mmodzi.

Ulamuliro wa Kamuzu unakweza amayi pakamwa. Onse anali mbumba yake, iye Nkhoswe Nambala Wani, ndipo tsiku la amayi linkachitika ndi magule ndi nsalu za nkhope yake. Komabe mayi yemweyo ankayesedwa ndi nsalu ya chipani: ali nayo kodi, wapita kokavina kodi, ngakhale atasiya mwana wodwala kunyumba? Mayufi ankaima pakhomo la msika ndi la chipatala kufunsa khadi, ndipo amayi oyembekezera ena ankagulitsidwa makhadi awiri, lina la mwana wa m'mimba. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala thalauzi ndi siketi yosafika pansi pa mawondo. Mtsikana akatenga mimba pasukulu ankachotsedwa osabwereranso, pamene mnyamata kapena mphunzitsi amene wamupatsa mimbayo nthawi zambiri ankapitiriza moyo wake. Mnzanga amene ankatiposa tonse masamu anathera pomwepo, ndipo mudzi unanena amayi ake kuti sanamulange bwino. Boma linalola atsikana otere kubwerera kusukulu mu 1993, nthawi yomwe lamulo la kavalidwe nalo linkachotsedwa.

Lamulo linachoka m'mabuku, koma m'mitu ya anthu linatsala. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anavula akazi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi pamsewu, mpaka amayi anachita msonkhano wa zionetsero ku Blantyre. Kuno kwathu, pa Chitakale kapena pa msika wa Limbuli, thalauzi la pakaunjika silidabwitsanso munthu, koma likavalidwa ndi mkazi wobereka mwana kumbuyo mawu amatulukabe akuti ameneyu ndi mayi wanji.

Zaka za Edzi zinawonjezera maso ena. Mayi akasiya kuyamwitsa msanga kapena akaoneka ndi botolo la mkaka, anthu ankanong'onezana kuti ali nako kachilombo. Ena anayamwitsabe mwamantha pongofuna kutseka pakamwa pa apongozi. Zinapepukako kuyambira 2011, pamene Malawi inayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo, koma popeza mkazi ndiye amayezedwa koyamba ku sikelo ya amayi apakati, ndi iyenso amene amanenedwa kuti wabweretsa matenda m'nyumba.

Nkhani ya uchembere wabwino nayo ili ndi mbali ziwiri. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ndipo mafumu m'madera ambiri anaika malamulo oti wochirira pakhomo kapena panjira alipe mbuzi kapena ndalama. Cholinga chinali kupulumutsa miyoyo, ndipo amayi ochirira kuchipatala anachulukadi. Koma wochirira panjira kawirikawiri ndi uja amakhala kutali, kumene mtsinje ukadzaza palibe chowolokera, uja analibe ndalama ya kabaza, kapena anachedwa kunyamuka chifukwa analibe zitenje zatsopano, beseni ndi pepala lapulasitiki zimene amafunsa kuchipatala. Amaopa kukayala chitenje chakutha pafupi ndi bedi la mkazi wa akalaliki. M'zipatala zina, mayi wobwera koyamba ku sikelo popanda mwamuna ankabwezedwa kuti akatenge kalata kwa amfumu. Lamuloli linapangidwa kuti likoke abambo, koma amene ankayenda ulendo wobwerezawo ndi mimba, n'kukafotokozera amfumu za kuthawidwa kwake, anali mkazi. Ku Mulanje, kumene amuna ambiri ali ku Joni, ku Mozambique kapena anangochoka pa chikamwini n'kukakwatira kwina, akazi otere si ochepa.

Pali chinanso chimene anthu a m'makomboni ankachidziwa koma osachinena. Mkazi wofuna kulembedwanso ntchito nyengo yotsatira nthawi zina ankafunsidwa thupi lake ndi kapitawo, ndipo mwana akabadwa, dzina loipa linali la mayi. Mu 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia inagwirizana zolipira amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya kampani yake ya kuno ku Malawi, amene anadandaula ku khoti la ku London za nkhanza zotere, ngakhale kuti siinavomere kulakwa. Ndimaganizira amayi a m'badwo wa amayi anga amene anafa akutchedwa mahule popanda wowamvera.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino mu mzinda, ndipo naye sanapulumuke. Akabwera kumudzi amamunena kuti ana ake akuleredwa ndi wantchito, sadziwa kudya nsima ya chinangwa, amayankha akulu m'Chizungu. Akabwerera kutauni, anzake pa WhatsApp amamudabwa kuti akuberekabe mwana pa chitenje ndipo akugwiritsa matewera ochapa. Iye ali ndi malipiro ndi maphunziro, amatha kuyankha. Wothyola tiyi sangayankhe, ndipo malamulo awiri a boma lomwelo amamukokera uku ndi uku. A zaumoyo amati ayamwitse mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi. Lamulo la ntchito la 2000 limamupatsa tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu, kamodzi pa zaka zitatu. Mu 2021 linakonzedwa kuti bambo naye azipuma masabata awiri ndiponso kuti mayi azipatsidwa nthawi yoyamwitsa pantchito. Izi zimathandiza wa muofesi amene mwana wake ali pafupi. Wa m'munda wa tiyi, amene nthawi zambiri amalembedwa kwa nyengo yokha, amalipidwa potengera makilogalamu, ndipo khanda lake lili kukomboni kapena kumudzi kutsidya kwa mtsinje, amayamba kulipatsa phala lisanakwane miyezi itatu, n'kukanena kusikelo kuti likuyamwa bere lokha.