Émile Mâle, Mphunzitsi Wowerenga Miyala

Pamene Émile Mâle anabadwa m'chaka cha 1862 ku Commentry, tauni ya migodi ya malasha m'dziko la France, matchalitchi akuluakulu a dzikolo anali ataima kale zaka mazanamazana, ndipo ngakhale anthu ankazizwa ndi zifaniziro zosemedwa pa makomo ake, owerengeka okha ndiwo ankadziwa chimene amisiri akale anafuna kunena pozisema. Mâle, amene anaphunzira ku École normale supérieure nayamba ntchito yauphunzitsi, anaona kuti tanthauzo la miyalayo linabisika m'mabuku a ansembe ndi amonke a nthawi imeneyo, amene ophunzira anali atawanyozera. Pajatu mawu a akulu akoma akagonera.

Buku lake la mu 1898, lofotokoza zojambula zachipembedzo za m'zaka za m'ma 1200, analiyala motsata magawo anayi, otchedwa magalasi, a buku la mlembi wakale Vincent de Beauvais, ndiwo chilengedwe, maphunziro, makhalidwe ndi mbiri, ndipo anaonetsa kuti pa tchalitchi panalibe chinthu choikidwa mwachisawawa: mbali ya kumpoto, kozizira ndi kwamthunzi, kawirikawiri inkapatsidwa kwa Chipangano Chakale, ya kumwera kwa Chipangano Chatsopano, pamene Chiweruzo Chomaliza chinkayang'ana kolowera dzuwa. Ku Amiens, wosema pofuna kuonetsa mantha anasema msilikali wataya lupanga akuthawa kalulu, kuti ngakhale mlimi wosadziwa lemba limodzi aseke, nagwire phunzirolo.

Mu 1908 anatulutsa buku lachiwiri, m'mene ananena kuti masewero achipembedzo ochitika m'misewu ndiwo anasintha maonekedwe a zojambula za pambuyo pa zaka za m'ma 1200 zija, ganizo limene akatswiri a pambuyo pake sanalivomere lonse. Koma chilema chachikulu chili m'buku la mu 1917, limene analilemba mtima uli wowawa mizinga ya Ajeremani itaononga tchalitchi cha Reims, ndipo m'menemo anapeputsa amisiri a ku Germany monga anthu ongotengera za anzawo. Apa mkwiyo wa nkhondo unaposa nzeru, ndipo sitingamuikire kumbuyo.

Ulemu sunamusowe, pakuti anaphunzitsa ku Sorbonne, natsogolera École française de Rome kuyambira 1923 kufikira 1937, nasankhidwa kulowa mu Académie française mu 1927, ndipo anamwalira ku Chaalis mu 1954 ali ndi zaka 92. Marcel Proust, mlembi wa nkhani zazitali, ankawerenga mabuku ake ndi kumufunsa uphungu pa za matchalitchi akale. Ophunzira a masiku ano amamudzudzula kuti anakuza ansembe nachepetsa ufulu wa mmisiri mwini wake, komabe buku la mu 1898 lija, limene linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1913 ndipo tsopano limadziwika ndi dzina lakuti The Gothic Image, likusindikizidwabe ndi kuwerengedwa m'masukulu aukachenjede.