Chisuse, mmisiri wa zilembo za mtovu

Adzukulu anga, masiku amene kuno ku Mchinji kunkamveka mawu a Mpezeni, buku linali lisanafike m'midzi yathu. Koma kumwera, ku mishoni ya Blantyre, kunali kale munthu wakuda amene manja ake ankada ndi inki tsiku ndi tsiku. Dzina lake Mungo Murray Chisuse, ndipo ndikufuna mulisunge.

Chisuse anakulira m'manja mwa Mbusa David Clement Scott, Msikotishi amene anafika ku Blantyre mu 1881. Scott ameneyu ndiye anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, nayambitsa nyuzipepala ya mishoni, Life and Work, mu 1888, natulutsanso dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892. Anthu amatchula Scott, ndipo nkoyenera. Koma mzungu akalemba papepala, ndani ankasandutsa zolembazo kukhala masamba osindikizidwa pamishonipo? Anali Chisuse ndi anyamata amene ankagwira nawo ntchito.

Musaganize kuti inali ntchito yamasewera. Chilembo chilichonse chinali kachidutswa ka mtovu, chokhala m'kachipinda kakekake m'bokosi. Mmisiri ankatola chimodzichimodzi monga mayi asankhira nyemba m'lichero, n'kumazindandalika chobwerera m'mbuyo, kuti zikadindidwa papepala ziwerengeke bwino. Mzere ukatha, wina. Tsamba likadzaza, amalimanga zolimba m'chitsulo, kulipaka inki, n'kutsindika pepala ndi mphamvu za manja. Akamaliza, zilembo zonse amazibwezera m'malo mwake, chifukwa tsamba lotsatira linkadikira zomwezo. Chilembo chimodzi chikasokera, mawu onse apotoka.

Chisuse anapita ku Scotland kawiri, ndipo ulendo wa 1897 anakanola luso lake kwa osindikiza mabuku a ku Edinburgh. Scott anamuikanso m'gulu la madikoni achikuda amene ankawakonzekeretsa kutsogolera mpingo, chinthu chimene azungu ambiri a minda sanakondwere nacho. Chisuse anaphunziranso kujambula zithunzi, ndipo anajambula John Chilembwe ndi banja lake.

Kuno kwathu zinthu zinabwera mochedwa, ndiponso zinadzera pa mfuti. Mu 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ndipo boma lathu lino linatchedwa Fort Manning. Adatchi anatsegula mishoni ya Magwero mu 1899, ansembe a Katolika anakhazikika pa Kachebere mu 1903. Apo ndi pamene timabuku tinayamba kukwera kuno pamitu ya amtengatenga.

Vuto linali lakuti Chimang'anja cha ku Blantyre sichinkafanana kwenikweni ndi kalankhulidwe kathu. Amishoni anagwirizana mu 1900 zomasulira Baibulo limodzi loti onse alimve, ntchito imene William Murray wa mishoni ya Adatchi anaisenza zaka zambiri. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922.