DAMU LA KAMUZU KU MALINGUNDE: KHOMA LA DOTHI LOMWE LIKUMWETSA LILONGWE

Abale anga, lero tichokeko kunyanja, tikwere kumtunda. Sabata yatha anandiitana cha ku Nathenje kukakonza injini yopopera madzi pa munda wa munthu wina. Injini ndi injini basi, ya boti kaya ya pampu. Koma zimene ndinaona pa kadamu kake zandikakamiza kulemba mbiri ya madamu a dothi, kuyambira akuluakulu aja a ku Malingunde, kumadzulo kwa Mitundu.

Ambiri tikamva kuti Kamuzu Dam timaganiza chikhoma cha simenti ngati cha Kariba kapena Cahora Bassa. Ayi ndithu. Madamu onse awiri, Kamuzu 1 ndi Kamuzu 2, makoma ake ndi dothi lotsenderedwa ndi makina, mzere pamwamba pa mzere. Simenti yambiri ili potulukira madzi osefukira, pamene mainjiniya amati spillway.

Loyamba analimanga mu 1966 pa mtsinje wa Lilongwe, umene umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Linkasunga madzi pafupifupi makyubiki mita 4.5 miliyoni, ndipo nthawi imeneyo anali ambiri, poti Lilongwe inali katauni chabe. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, anthu anakhamukira mumzinda, madzi n'kuchepa. Ndiye mu 1989 anamanga lachiwiri kumunsi kwa loyambalo, mu 1999 n'kulikweza mpaka kumasunga makyubiki mita 19.8 miliyoni. Kenako a Lilongwe Water Board anakwezanso loyamba lija ndi mamita 7, ndi ngongole ya European Investment Bank, moti pano limafika cha m'ma 25 miliyoni. Madziwo amawatsegulira mumtsinje momwemo, n'kukawatunga kumunsi, ku Area 3, komwe amawayeretsa.

Mwaona? Zaka zonsezi ntchito yakhala kukweza khoma. Koma pamene tikukweza pamwamba, pansi pakudzaza matope. Mitengo ya ku Dzalanyama ikamathera makala, mvula imakokolola dothi lonse n'kukalitula m'damu. Zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. Ine sindinyoza wootcha makala, njala ndimaidziwa, koma thumba lililonse lopita m'tauni pa njinga likuchepetsa madzi a amene akuligulayo.

Tsono nkhani ya chitetezo. Bambo anga amati palibe boti la matabwa losalowa madzi, nkhani ndi kudziwa kuti akulowera pati, ndipo ochuluka bwanji. Damu la dothi ndi chimodzimodzi. Madzi amadutsa ndithu pang'onopang'ono m'kati mwa khoma, n'chifukwa chake akamamanga amaika dongo pakati, kenako mchenga ndi miyala zosefa madziwo kuti azituluka okha osatenga dothi. Akamatuluka oyera, mulingo wake osasintha, palibe choopsa kwenikweni. Akayamba kutuluka ofiira, amatope, ndiye kuti khoma likudyeka m'kati, kauna kakukula.

Izi si nthano. Ku America, damu la Teton linali la dothi, lalitali mamita oposa 90, latsopano. Pa 5 Juni 1976 m'mawa antchito anaona madzi amatope akutuluka pakhoma. Anabweretsa makatapila kuti atseke, makatapilawo n'kumezedwa. Pofika masana khoma linali litapita, anthu 11 anafa. Pafupi nafe pompano, ku Solai m'dziko la Kenya, damu la dothi la pa famu linaphulika usiku wa pa 9 Meyi 2018 mvula itachuluka, n'kupha anthu oposa 40, ambiri mwa iwo ana.

La ku Solai lija ndi limene limandidetsa nkhawa, chifukwa linali la pa famu. A ku Malingunde ali ndi eni ake, mainjiniya amawayendera. Nanga timadamu ta m'maesiteti ndi m'madambo a ku Mitundu ndi Nathenje, amatiyang'ana ndani?

Ka munthu ndinamukonzera pampu uja kali chonchi: pakhoma pamera mitengo ya bulugama, pambali pali chulu chachikulu, ng'ombe zakumba njira yake podutsa. Mizu ikadzaola imasiya mapaipi m'dothi, chiswe nacho chimaboola m'kati mosaoneka. Choipitsitsa, ngalande yotulutsira madzi osefukira anaitseka ndi matumba a mchenga, eti kuti madzi achuluke a tomato wa chilimwe. Pamenepo mvula yamphamvu ikagwa usiku umodzi, madzi alibe kolowera koma kudumpha pamwamba pa khoma, ndipo dothi silipirira zimenezo. Limakokoloka kuchokera kuseri mpaka kung'ambika. Kumunsi kwake ndinawerenga nyumba zisanu ndi imodzi, ndi njira yomwe ana amadutsa popita kusukulu.

Ndinawauza achikulirewo mwaulemu kuti achotse matumbawo mvula isanayambe. Anaseka, amvekere kadamuko kanamangidwa ine ndisanabadwe. N'zoona. Ndinalandira ndalama yanga ya pampu, koma pobwerera ndinadzera kwa a mfumu a m'mudzimo n'kuwalozera ngalande ija. Alonjeza kuti akaionera okha Loweruka.